Mukubwera ku London mu Okutobala? Musalonjeze kaye ndalama, khalani pansi ndikuuzeni

Sabata yatha ndalandira imelo ya mayi wina, dzina sinditchula, ndipo ndawapempha kuti ndiwayankhe pagulu chifukwa funso lawo ndi lomwe lija anthu amandifunsa chaka ndi chaka. Mwachidule akuti ndi namwino, ntchito aipeza pa chipatala china cha boma ku London, viza yatuluka, akunyamuka mu Okutobala. Za mapepala athana nazo, chomwe chikuwasowetsa tulo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku: akafikira pati, aziyenda bwanji, azidya chani, kuzizira kuja anthu amakamba nkotani. Kumapeto afunsanso kuti poti ana ndi bambo awo akutsala kaye, awauze kuti azitumiza zingati pamwezi.

Achemwali, zabwino zonse, mwalimbana mpaka zatheka. Koma ndiyambira funso lomalizalo chifukwa ndi lomwe limaliza anthu kuno kuposa chisanu. Musalonjeze. Musatchule nambala iliyonse kwa munthu aliyense, kaya bambo a ana, kaya mayi anu okubalani, mpaka mutaona payslip yanu yoyamba ndi maso anu ndipo mwalipira renti kawiri. Nambala ija ili pa kontrakiti ndi ya chaka chonse ndipo ndi yosadulidwa. Kuno mapaundi 12,570 oyamba pachaka sadulidwa msonkho, opitirira pamenepo boma limatengapo 20 peresenti, kenako pali msonkho wina wotchedwa National Insurance, kenako penshoni yomwe amakulowetsani okha osakufunsani, zonsezi zimachoka ndalama isanafike mu akaunti mwanu. Ogwira ntchito mu NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ku London amawaonjezera kangachepe chifukwa cha kudula kwa mzindawu, 20 peresenti ya malipiro kwa a mkatikati mwa tauni ndi 15 kwa a chakunja pang'ono, ndipo ili ndi malire ake, koma musaisangalalire kwambiri, imeneyo ndi ya landilodi, imangodutsa mmanja mwanu.

Chinanso chomwe ambiri sauzidwa bwinobwino, mukafika simuli namwino wokwanira pamaso pa NMC, bungwe lolembetsa anamwino, mpaka mutakhoza mayeso oonetsa luso la unamwino otchedwa OSCE nkulandira nambala yanu. Miyezi yodikira imeneyo nthawi zambiri amalipira pa band, kapena kuti gulu la malipiro, yotsika, mukakhoza mpamene mumakwera pa band 5. Ndiye funsani panopa, musananyamuke, kuti miyezi imeneyo muzilandira zingati, komanso tsiku la malipiro ndi liti. Malipiro kuno ndi a pamwezi, ndipo mukayamba ntchito tsiku lotsekera mapepala a malipiro litadutsa mutha kukhala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi osalandira kanthu, mukudya, mukukwera basi, mukufunafuna nyumba. Payslip yoyambayo ikabwera muyang'ane pamene alemba tax code, nthawi zina munthu watsopano amamuika pa code ya emergency nkumudula zambiri kuposa zoyenera. Zimabwezedwa inde, koma muzitsatire nokha ku HMRC, ofesi ya misonkho, palibe adzakutsatireni. Mawu amenewa muwasunge, palibe adzakutsatireni.

Ndikudziwa kuti nzovuta kuuza anthu okuperekezani ku bwalo la ndege kuti dikirani miyezi itatu. Koma ndaona anthu akulonjeza nambala yaikulu ali pa chisangalalo cha viza, kenako kuti asaoneke abodza akugwira mashifiti a usiku motsatizana mpaka kudwala, ena kulowa ngongole za pa khadi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno achemwali, wa pa kontrakiti ndi wa mphepo.

Tsopano nyumba, pomwe pali nkhondo yeniyeni. Zipatala zambiri zimapereka kogona kwa masabata oyamba, funsani kuti ndi mpaka liti ndipo akulembereni, chifukwa tsiku lotuluka limafika msanga ngati mphezi inu mukadali bize ndi OSCE. Poyamba iwalani za nyumba yanuyanu. Chomwe mudzakwanitse ndi chipinda chimodzi mnyumba yogawana ndi anthu ena atatu anayi, khitchini imodzi, bafa imodzi, shelefu imodzi mu filiji ndi yanu, ndipo anthuwo mwina wina ndi wa ku Philippines wina wa ku Romania wina simudzamuona nkomwe mungomva chitseko usiku. Zipinda anthu amazipeza kwambiri pa SpareRoom, nyumba zathunthu pa Rightmove kapena Zoopla, komanso kuntchito anzanu amadziwa pomwe munthu akutuluka. Potsatsa chipinda muone ngati alemba kuti mabilu ali momwemo, chifukwa chipinda chooneka chotchipa koma gasi, magetsi, madzi, intaneti ndi council tax, msonkho wa khonsolo, zili padera chimatha kupambana chija chimaoneka chodula.

Malamulo ochepa omwe ndikufuna muwadziwe pamtima, chifukwa munthu watsopano amaoneka pankhope ndipo alipo odyera pomwepo. Kuchokera 2019 depoziti ku England siloledwa kupitirira renti ya masabata asanu pa nyumba wamba, ndipo ya kungokusungirani malo mapepala akuyenda siipitirira renti ya sabata imodzi. Ma ejenti saloledwa kukulipiritsani za kulemba kontrakiti kapena kufufuza mbiri yanu. Depoziti ija landilodi akuyenera kuiteteza ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30 ndipo akupatseni umboni. Koma apa pali kamsampha, mukakhala nyumba imodzi ndi mwini wake, mukugawana naye khitchini, ndinu lodger, chitetezo cha depoziti chimenechi sichikukhudzani ndipo akhoza kukutulutsani mosavuta. Sikuti nzoipa ayi, ambiri tinayambira momwemo ndipo nthawi zina nkotchipa komanso kofunda, koma mudziwe chomwe mukulowa. Ndipo chonde chonde, musatumize ndalama ya chipinda chomwe simunalowemo ndi mapazi anu. Akakuuzani kuti ali kunja kwa dziko makiyi akutumizirani mukalipira, wakuba ameneyo, zithunzi wazitola kwina.

Mukapita kukaona chipinda musamangoyang'ana bedi ndi kapeti. Suzumirani mmakona, kuseri kwa wadirobu, mmphepete mwa windo, mukaona madontho akuda kapena mukamva kafungo ka chinyontho, thawani. Nyumba zambiri kuno nzakale kwabasi, zina za nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo nkhungu ndi mliri. Chipinda changa chachiwiri ndinachiona mu Ogasiti kukuwala dzuwa, chopentedwa kumene, ndinati ndatola. Pofika Disembala khoma lonse la kumutu kwa bedi linali lakuda, nsapato zanga za chikopa zinamera ubweya mu wadirobu, ndipo mwini nyumba ankangoti ndikupuma kwambiri ndi windo lotseka. Mbali ina sankanama, kuyanika zovala mchipinda osatsegula windo kumabweretsadi nkhungu, ndiye ngakhale kuzizire bwanji muzitsegula mphindi khumi mmawa. Funsaninso pepala losonyeza kuti gasi anayezedwa, limayenera kupangidwa chaka chilichonse, ndipo muone kuti alamu ya utsi ilipo, komanso ya carbon monoxide pomwe pali boiler. Jambulani chilichonse tsiku lolowa, ngakhale kabanga ka pa kapeti, mudzandithokoza tsiku lofuna depoziti yanu.

Landilodi adzafuna umboni woti muli ndi chilolezo chokhala mdziko muno, ndi lamulo, musakhumudwe. Makhadi osonyeza chilolezochi, a BRP, anatha kumapeto kwa 2024, pano zonse zili pa intaneti, eVisa, mumalowa mu akaunti yanu ya UKVI, ofesi ya maviza, nkutulutsa share code, nambala yoti ena aonere chilolezo chanu, ina ya nyumba ina ya ntchito. Imelo ndi nambala ya foni zomwe munatsegulira akaunti imeneyo muzisunge ngati mwana, ndipo mukasintha nambala mukafika kuno musinthenso mu akauntimo.

Chomwe chinandidabwitsa ine chaka choyamba nchakuti dziko lino, ndi makompyuta ake onsewa, limayendabe ndi makalata a pa chitseko. Adiresi ndi moyo wanu, postcode yanu mudzaitchula kangapo pasabata, ndipo chilichonse chofunika chimabwera mu envulopu, nthawi zambiri yabulauni. Ine ndinkaziunjika pa windo, ndimvekere ndidzawerenga Lamlungu, zina ndinkayesa nza amene ankakhalamo kale. Mkatimo munali za council tax. Umenewu ndi msonkho wa khonsolo ya dera lanu, London ili ndi makhonsolo 32, kuonjezerapo wa City of London, aliyense ndi mtengo wake, ndipo ndi wa zinyalala, misewu, malaibulale ndi zina zotero. Mukaphonya mwezi amatumiza chikumbutso cha masiku asanu ndi awiri, mukachinyozera ufulu wolipira pang'onopang'ono umatha amafuna ya chaka chonse nthawi imodzi, kenako ndi samani ya kukhoti yokhala ndi ndalama zake zoonjezera. Ine ndinatsegula envulopu zanga zitafika pa samanipo. Palibe anagogoda, palibe anaimba foni, palibe neba anandichenjeza, anangoti tinakulemberani. Ndiye tsegulani kalata iliyonse tsiku lomwelo. Mukadzakhala nokha mnyumba pali kuchotsera kwa 25 peresenti koma mumachita kupempha, ndipo mchipinda cha nyumba yogawana nthawi zambiri amalipira ndi landilodi, mufunse kuti zimveke. Palinso TV Licence, ngati muzionera TV ya live kapena BBC iPlayer ngakhale pafoni imafunika, ngati simuonera mumangowauza pa intaneti makalata awo amachepa.

Banki imafuna umboni wa adiresi, landilodi akufuna akaunti ya banki, nkhani yake yozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Njira yachidule ndi kalata ya kuntchito yonena kuti ndinu wantchito wawo ndipo mukukhala pakutipakuti, kapena mabanki a pafoni ngati Monzo ndi Starling omwe savuta kwambiri. Mbiri yanu ya ngongole kuno imayambira pa ziro, kaya kwanu munali ndi nyumba zitatu, ndiye miyezi yoyamba akakukanani foni ya kontrakiti musadabwe, gulani SIM ya pamwezi ya giffgaff kapena Lebara basi. Mabilu muwaike pa direct debit, azichoka okha masiku ochepa malipiro atalowa, osati tsiku lomwe mu akaunti muli mphepo.

Za chipatala inu ndi eni ake koma ndinenabe, chifukwa anamwino ndi amene amaiwala kudzisamala. Lembetsani kwa GP, dokotala wa matenda wamba wa mdera lanu, sabata yoyamba, muli bwinobwino, nzaulere ndipo malamulo a NHS amati safunika kukukanizani chifukwa chosowa umboni wa adiresi. Kuno sumangodzuka nkupita kwa dokotala wa khungu kapena wa mafupa, khomo ndi GP, iye ndi amene amakutumiza. Zadzidzidzi ndi 999, zosadikira mawa koma zosaopsa moyo ndi 111. Maantibayotiki sagulitsa popanda pepala la dokotala, ndipo ku England mankhwala a pa pepala amalipiritsa pa mtundu uliwonse, mu 2025 inali mapaundi 9.90. Mano konzetsani musanabwere, ndikunena zoona, kupeza dokotala wa mano wa NHS wolandira anthu atsopano ndi mwayi, ndipo a pulayiveti amazula dzino ndi chikwama chomwe. Mwayi wanu viza ya Health and Care salipiritsa ndalama ija ya zaumoyo yomwe anzanu a maviza ena amalipira mapaundi opitirira 1,000 pachaka.

Mayendedwe ndiye mbali yokoma ya mzinda uno, galimoto simuifuna, ingakhale mtolo chabe. Mabasi a London anasiya kulandira ndalama ya mmanja mu 2014, ndiye musakwere ndi ka pepala ka mapaundi asanu nkumayang'anizana ndi dalaivala, mumagunditsa khadi ya banki, foni kapena khadi ya mayendedwe yotchedwa Oyster. Pa basi mumagunditsa pokwera pokha, ndipo mukasintha basi mkati mwa ola limodzi simulipiranso. Pa sitima ya pansi, Tube, mumagunditsa polowa ndi potuluka, mukaiwala potuluka amakudulani mtengo wapamwamba, ndipo muzigwiritsa khadi imodzimodziyo tsiku lonse chifukwa pali malire a patsiku omwe mukafika sadulanso, mukasakaniza foni ndi khadi amakuwerengerani ngati anthu awiri. Mzindawu anaugawa mmazoni, zoni 1 pakati nkumatuluka, renti imatsika mukamatalikira koma thiransipoti imakwera, ndiye muwerengere ziwirizi pamodzi. Inu ngati wa mashifiti funso lanu lisakhale lakuti ndi makilomita angati, likhale lakuti Lamlungu mmawa shifiti ikuyamba 7 koloko ndifika bwanji, chifukwa Lamlungu sitima zimayamba mochedwa ndipo kumapeto a sabata ndi komwe amatseka njanji zina kuti akonze. Chipinda chomwe chili pa basi imodzi yolunjika kuchipatala nchabwino kuposa chokongola chofuna kusintha katatu. Ikani pafoni pulogalamu yoonetsa njira, Citymapper kapena TfL Go. Pa masitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere nkwa othamanga, mukaima pakati ndi chikwama mudzamva kupuma kwa munthu kumbuyo kwanu, sakuuzani kanthu koma mudzadziwa kuti mwalakwa.

Kuzizira. Anthu amaopa chipale koma ku London sichigwa kawirikawiri, chomwe chilipo ndi kamvula kowaza kosatha, mphepo yolowa mmafupa, ndi mdima. Mdimawo ndi umene palibe anandikonzekeretsa. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha mma 8 koloko ndipo 4 koloko isanakwane lalowa, ndiye wa shifiti ya maola 12 amachoka kunyumba kuli mdima nkubwerera kuli mdima, masiku atatu anayi osaliona nkomwe. Mumangopezeka mukulira popanda wokuputani, tulo tosatha, kukwiya ndi zaziii, nkumadzifunsa kuti kodi ndinalakwitsa kubwera. Simunalakwitse, ndi Januwale chabe ameneyo. Tsiku lopuma tulukani masana ngakhale kuli mitambo, yendani mu paki theka la ola. A NHS amalangiza aliyense kumwa vitamin D, mamaikulogalamu 10 patsiku, nyengo yozizira, ndipo ife a khungu lakuda amati tiganizire kumwa chaka chonse. Khungu limauma mpaka kusweka, mafuta odzola olemera asakutherani. Ndipo poti mukufika mu Okutobala, Lamlungu lomaliza la mweziwo mawotchi amabwezedwa mmbuyo ndi ola limodzi, foni imasintha yokha koma kusiyana kwa nthawi ndi kunyumba kudzasintha, muwauze ana asadzaimbe muli mtulo, ndipo mukadzakhala pa shifiti usiku umenewo dziwani kuti ndi wotalika ndi ola lathunthu. Kumapeto kwa Malichi amawapititsanso kutsogolo, ndipo pofika Juni 9 koloko usiku kumakhala kukuwala, anthu ali mmapaki, mudzayesa ndi dziko lina.

Zovala musadzaze nazo sutikesi. Bwerani ndi juzi ndi jekete yoti ikufikitseni, jekete yeniyeni yosalowa madzi mudzagule kuno, ku Primark kapena mmashopu a zachifundo omwe ali pa msewu waukulu uliwonse. Chinsinsi ndi kuvala zopyapyala zingapo zosanjikiza osati chimodzi chachikulu, chifukwa panja mukunjenjemera koma mu Tube mukutuluka thukuta. Hita ya mnyumba ndi ndalama, mnyumba zogawana ndewu zambiri zimayambira pa amene wayatsa ndi amene wazimitsa, ndiye gulani duveti yolemera ndi botolo la madzi otentha, ndipo kahita ka magetsi kaja kotchipa pogula nkodula poyatsa.

Zakudya sindichedwapo. Aldi ndi Lidl ndi kotchipa, timashopu tating'ono ta pakona ta Tesco ndi Sainsbury's ntodulirapo kuposa zikuluzikulu zake, madzulo amamata timapepala tachikasu pa zomwe zatsala pang'ono kutha nthawi, musachite nazo manyazi aliyense amagula. Lamlungu mashopu akuluakulu amaloledwa kutsegula maola asanu ndi limodzi okha, ambiri 4 kapena 5 koloko atseka. Zakudya za ku Africa zilipo zambiri ku Peckham pa Rye Lane, ku Brixton, ku Ridley Road mu Dalston, simudzafa ndi chilakolako. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, zoyera zomwe zimamera mu ketulo ndi laimu chabe. Chomwe chimadya ndalama mwakachetechete ndi kugula chakudya cha masana ndi khofi tsiku ndi tsiku, phikani kambiri tsiku lopuma muike mmakontena. Ndipo mu sutikesi musaike nyama kapena za mkaka, kaya youma kaya yophika, nzoletsedwa kulowa nazo ndipo akazipeza amalanda, mwinanso chindapusa.

Anthu ake. Apa mpovuta kufotokoza chifukwa ndi aulemu kwambiri koma ulemu wake si chibale. Munthu akakuuzani kuti "you alright?" sakufunsa za matenda anu, ndi moni chabe, mumayankha mwachidule nkubweza. Mawu oti sorry amatuluka ngakhale mwamuponda ndinu. Akakuuzani kuti tidzamwe tiyi tsiku lina, ngati sanatchule tsiku ndi ola, palibe tiyi pamenepo. Kuntchito bwana akanena mofatsa kuti mwina mungaganizire kuchita mwakutimwakuti, si maganizo ayi, ndi lamulo limenelo, ine zinanditengera chaka kuti ndimve chilankhulo chimenechi. Akuluakulu amaitanidwa ndi dzina loyamba, ngakhale dokotala wa imvi, poyamba lilime limakana koma mudzazolowera. Nthawi ndi nthawi, apointimenti ya 9:10 ndi 9:10, mukachedwa ndi mphindi khumi kwa GP mutha kubwezedwa nkudikiranso masabata. Mzere sadumpha. Kunyumba kwa munthu sumangofika, ngakhale mnzako, umayamba watumiza uthenga. Makoma ndi opyapyala, ndiye foni ya pa sipika pakati pa usiku ndi nyimbo za mmawa muzichepetse, neba sadzabwera kudzadandaula, adzalembera khonsolo kapena landilodi. Zinyalala zili ndi tsiku lake ndi mabini ake osiyanasiyana, mukasakaniza amangozisiya pomwepo mpaka ulendo wina.

Tsankho lilipo, ndisakunamizeni, makamaka pa ntchito yanuyo mudzakumana ndi wodwala wonena kuti sakufuna kugwiridwa ndi inu, kapena mnzanu wonamizira kuti sakumva chingerezi chanu. Musameze nokha, zilembeni, tsiku ndi nthawi, muuze oyang'anira, ndipo lowani yuniyoni mwezi woyamba, RCN kapena Unison, chifukwa nkhani yomwe inayamba musanalowe nthawi zambiri sakuimirirani. Koma London ndi mzinda woti mu basi imodzi mumamva zilankhulo khumi, palibe amakucheukirani, ndipo zimenezo ndi ufulu komanso ndi kusungulumwa nthawi imodzi. Mutha kudwala masiku atatu mchipinda anthu a nyumba yomweyo osadziwa. Ndiye anthu muwafune dala, ngati mmene mukufunira nyumba: tchalitchi kapena mzikiti, anamwino omwe mwafika nawo limodzi, gulu la anthu akwanu la pa WhatsApp. Mukhale ndi munthu mmodzi yemwe akapanda kukumvani masiku awiri adzabwera kudzagogoda. Masiku opuma musamangogona ndi kuimba foni kunyumba, British Museum, National Gallery ndi Natural History Museum kulowa nkwaulere, laibulale ya mdera lanu ndi yaulere ndiponso ndi yofunda.

Za anthu akwanu ndinenepo pang'ono, andikhululukire. Adzakuthandizani kwambiri, adzakulandirani, adzakuonetsani kogula zinthu. Koma malangizo a zamalamulo musatenge kwa munthu chifukwa choti wakhala kuno zaka 20, malamulo a viza amasintha pafupipafupi ndipo zomwe zinamuyendera iye mu 2005 lero zikhoza kukuthamangitsani. Onani pa gov.uk, kapena pitani ku Citizens Advice, nkwaulere, za nyumba kuli Shelter. Viza yanu ili ndi chiletso cha public funds, kutanthauza kuti zithandizo ngati Universal Credit si zanu, wina akakuuzani kuti tiye ndikulembetse aliyense amalandira, mukane. NHS ndi sukulu za boma za ana sizili mgulu limenelo, zimenezo mukhoza. Ganyu ya pambali ili ndi malamulo ake pa viza yanu, mufunse kaye musanayambe. Viza yamangidwa pa bwana amene anakuitanani, ntchito ikatha Home Office, unduna woona za maviza, nthawi zambiri imapereka masiku 60 kuti mupeze wina kapena mutuluke, ndiye muwerengenso kontrakiti pomwe akunena za ndalama zomwe mungabweze mukachoka msanga. Pasipoti yanu isasungidwe ndi munthu wina aliyense. Akaunti yanu ya banki musabwereke munthu kuti ndalama zake zidutsiremo, ngakhale wa kutchalitchi, akaitseka nkukuikani chizindikiro mudzavutika zaka kutsegula ina. Ndipo foni ikalira wina nkumati ndi wa Home Office kapena HMRC, mulipire lero lomwe apo ayi apolisi akubwera, dulani, maofesi amenewo saopseza anthu pafoni kuti alipire pompopompo. Foni yeniyeniyo musamaigwire mwachibwana mmphepete mwa msewu, anyamata a njinga zamagetsi amatsomphola ngati kabawi.

Za ana, mukadzafika poganiza zowabweretsa tidzakambirana padera chifukwa ndi nkhani yaitali, koma dziwani kuti sukulu ya boma ndi yaulere ndipo malo amapempha kudzera ku khonsolo malinga ndi adiresi, pomwe kosiya mwana wamng'ono masana nkodula zedi, ndipo chipinda chimodzi cha nyumba yogawana sangakuloleni kukhalamo ndi banja. Anthu ambiri akafika pamenepo ndi pomwe amayamba kuyang'ana ntchito kunja kwa London komwe renti ndi yopumira.

Tsiku lofikalo, ngati akuntchito sakudzakutengani ku bwalo la ndege la Heathrow, musakwere takisi, ndipo pa sitima Heathrow Express ndi yodula, Piccadilly line ndi yotchipa koma yochedwa, Elizabeth line yomwe inatsegulidwa mu 2022 ili pakatikati ndipo ndi yabwino ndi masutikesi. Adiresi ya komwe mukupita ndi nambala ya wokulandirani muzilembe papepala, osadalira foni yomwe ingathe moto kapena kukana netiweki, ndipo mapepala a ntchito, masatifiketi ndi jekete zikhale mchikwama cha mmanja osati chopita pansi pa ndege. Munditumizire postcode ya chipatalacho ndi tsiku lomwe kogona ka akuntchito kadzathe, ndikuuzani madera atatu anayi oti muyambire kufunafuna chipinda ndi mabasi ake.